Mwala wa Magadalena ndi Phula la ba Chanda

Kalata ya a Damiano inandipeza kudimba, ndipo ndinaiwerenga chiimirire. A Damiano ndi mlongo wake wamkulu wa malemu mkazi wanga Magadalena, amene tinakamuika kwawo ku Mchinji, kutsidya kwa malire. Panali patapita zaka zitatu manda ake ali opanda chiliza. Kawiri konse ndinatchula tsiku, ndipo kawiri konse ndinalephera: poyamba chilala chinatiwotchera chimanga, kachiwiri ndinagona m'chipatala. Tsono kalatayo inati abale adzasonkhana Loweruka lachiwiri la mwezi wa Okutobala, bambo mfumu avomera kudzadalitsa, ndipo mwala wa ku Lusaka ukapanda kufika iwo adzaumba okha mtanda wa simenti, “kuti tisakuvutitseninso, alamu.” Mawu otsirizawo ndinawamvetsa bwino lomwe. Ankandichotsa pa ubale mwaulemu.

Mwala unalipo, wa telazo, simenti yosakaniza ndi timiyala tosalazidwa, woyera mbee, dzina lake lozokotedwa bwino. Chondidetsa nkhawa chinali vaneti yoti iunyamule. Galimotoyo ndinaigula, nditapuma uphunzitsi, kwa Bulazala wina wokalamba wa ku misoni kwathu ku Kasisi, ndipo pondipatsa makiyi anandilangiza chinthu chimodzi: chaka chilichonse ndikakolola, nditsuke kunsi kwake ndi kupakako oyilo wakale wochotsedwa mu injini. Ndinasunga lamulolo mpaka Magadalena atadwala. Kuyambira pamenepo ndinkangonyamula feteleza ndi manyowa a ku Palabana osasuzumirako, ndipo tsiku limene ndinagwada kuti ndione, ndinapeza dzimbiri likuyoyoka ngati makungwa a mtengo wouma.

Njira zothana ndi dzimbirilo zinalipo zitatu. Ya Bulazala ndinaikana chifukwa cha manyazi: oyilo amadontha, amakoka fumbi, ndipo sindinafune kukaima pabwalo la apongozi ndi galimoto yochucha ngati yodwala. Mwini sitolo wina ku Lusaka anandionetsa penti yofiira yopha dzimbiri, ndi ina yakuda yam'chitini yopaka pamwamba pake, nati pafunika kupala modekha ndi bulashi yawaya, kupaka kawiri, ndi kudikira kuti ziume. Masiku analipo ochepa, m'thumba munalinso mopepuka. Njira yachitatu inali ya ba Chanda, makaniko amene ankawotcherera zitsulo kuseri kwa golosale ina pa Chongwe.

“Ba shikulu, oyilo ni ya anthu ofuna kuvutika chaka na chaka,” anatero, akunditcha agogo mwa chikwawo, uku akumenya ndi phazi mgolo wa phula umene unatsala pokonza msewu. “Ikani tala. Kamodzi chabe, mpaka motoka ikafe. Onani mseu uyu: mvula iugwa, malole aupondaponda. Munaonapo mseu wachita dzimbiri?”

Ndikadacheuka kuyang'ana msewu umene ankalozawo, umene unali maenje okhaokha, mwina ndikadapeza yankho. Koma ndinagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Ba Chanda anapala dzimbiri ndi makina ake olira mogonthetsa m'khutu, nasungunula phula pamoto, nalisakaniza ndi dizilo pang'ono, namata kunsi konse ndi tsache osasiya ndi malo a chala omwe. Galimoto inatuluka kunsi kwake kuli kwakuda bii, konyezimira, ndipo ndisabise, ndinanyadira.

Ndinanyamuka Lachinayi mbandakucha. Mwala tinaugoneka chafufumimba pa matayala akale kuti malemba asakhulike, ndi kuufunditsa bulangete. Ana anali atatsogola kale pa basi. Pa mphambano ya Silverest ndinapeza Velonika, mng'ono wake wa Magadalena, atatsika minibasi ndi mtolo wa salaula, zovala za kaunjika zija, wokagawira abale. Velonika anabadwira ku Mchinji komweko, koma wakhala mu Lusaka nthawi yaitali kotero kuti lilime lake linasanduka la m'tauni, ndipo sanandichitirepo manyazi chikwatirire mkulu wake.

“Ba mulamu, muli shani?” Anaima, nafwenkha mphuno. “Nanga ni chani chinunkha so? Mwabwera na motoka kapena mwaba mseu?”

Ndinamufotokozera zonse mwatsatanetsatane, monga ndinkachitira m'kalasi. Iye anangoti, “Tizaona,” nakwera.

Kudutsa Chongwe ndi Rufunsa tinayenda bwino, kupatula kuzemba maenje ndi kuima pa mipiringidzo ya apolisi, amene ankasuzumira kumbuyo, naona mwala, nkutiuza kuti tipite ndi mtendere. Mavuto anayamba pokwera mapiri a Manenekela. Injini itatentha, fungo linakula, kenaka utsi unayamba kulowa pansi pa mapazi athu, uli tolotolo.

“Yapsa! Imani, yapsa!”

Ndisanaime bwino, Velonika anali kale panja, mtolo wake wa salaula uli pamutu. Ndinamufunsa ngati sakanayamba waganizira mwala wa mkulu wake.

“Mwala siupsa, ba mulamu. Madiresi ndiye apsa.”

Ba Chanda anali atamata ndi ekizozi yomwe, paipi yotulutsa utsi ija, ndipo phula linali kuwira pamenepo. Panalibe chochita koma kudikira kuti izizire. Tinakhala pansi pa kamtengo kopanda masamba, ntchentche zikutizunza, kwa nthawi yoposa ola. Basi ya ku Chipata inatidutsa ikubuula, kondakitala natulutsa mutu pawindo kufuula kuti, “Mudala, muwotcha makala?” Itazizira ndinapala phulalo ndi mpeni wa m'thumba ndi kamtengo, zala zanga zikumatirana.

Pa mlatho wa Luangwa tinafika dzuwa lili paliwombo. Amene sanaimepo pa chigwa chimenecho mwezi wa Okutobala sadziwa kutentha. Asilikali olondera mlatho ankalola magalimoto kuwoloka pang'onopang'ono, ndipo mzere unali wautali. Velonika anapita kukagula nsomba zouma ndi lichero kwa amayi a pamsika, ine ndinatsala ndikudzikupiza ndi chipewa. Msilikali wina anafika, nazungulira galimoto, nawerama.

“Atate, motoka yanu idontha.”

Ndinatsika mtima uli m'mwamba, poganiza kuti ndi mafuta a mabuleki. Linali phula lomwe lija, likugwa madontho akuda pa fumbi. Ndinakana oyilo poopa galimoto yochucha, ndipo nayi inali kuchucha pamaso pa anthu onse a pa mlatho. Velonika anabwera ndi nsomba zake. Anangoyang'ana madonthowo, nandiyang'ana ine, nayamba kudya nthochi. Kuyang'ana kwakeko kunandiwawa koposa chipongwe.

Kuchoka apo mpaka Nyimba msewu unali wokumbika, ndipo m'malo ambiri tinkapatukira m'tinjira ta fumbi ndi miyala. Mwala uliwonse wodumpha unkakakamira kunsi. Tinagona pa Petauke kwa mphunzitsi mnzanga wakale, ndipo popeza bwalo lake ndi lotsetsereka, ndinakoka handibuleki mwamphamvu.

M'mawa wa Lachisanu galimoto inalira bwino, koma kuyenda inakana. Phula limene linasungunuka dzulo lake linali litalowa mu waya wa handibuleki pamodzi ndi mchenga, ndipo kuzizira kwa m'mawa kunaumitsa zonse gwa. Mkazi wa mnzangayo anatereka madzi kanayi. Ine ndinagona pansi ndikuthira madzi otentha ndi ketulo, ena akundibwerera m'khwapa, mnzanga akugwedeza chogwirira m'katimo, Velonika akuwerenga maola mokweza ngati wotchi ya tchalitchi. Waya unamasuka dzuwa litakwera ndithu. Sinda ndi Katete ndinangoziona ngati m'maloto. Pa Chipata tinapezanso mzere wa petulo, ndipo pa chipata cha Mwami tinafika masana atapendeka.

Za mapasipoti zinatha msanga. Kenaka ndinapereka buku la galimoto kwa ofesala wa kasitomu, mayi wamagalasi wolankhula mofatsa. Vanetiyo inali isanawolokepo malire, pakuti pa maliro tinayenda pa lole yobwereka, choncho sindinkadziwa chotsatira. Mayiyo anatuluka ndi bukulo m'manja.

“Atate, nionetseni nambala ya chasisi.”

Ndinatsegula boneti ndi kumulozera kachitsulo kokhomedwa ndi timisomali. Anapukusa mutu.

“Ako kawalala aliyense achotsa na kuika kena. Masiku ano mamotoka obedwa apita maningi pano. Nifuna ija yodinda pa chitsulo chachikulu cha pansi, niione na maso, ilingane na buku.”

Anawerama, nayang'ana kunsi, nakhala nthawi ali chiweramire. Podzuka anavula magalasi.

“Nanga mwaikwirira chifukwa chani?”

Zaka zonse zimene ndinayendetsa galimotoyo sindinadziwe kuti pansi pake pali nambala, ndipo pamene inali sindinkapadziwa. Ndinachotsa bulangete pa mwala, ndi kuliyala pa fumbi, ndi kukwawira kunsi ndi malaya anga oyera amene ndinasita kuti ndikafike nawo kwa apongozi. Velonika anakagula botolo la palafini pa kantini. Posakhalitsa anthu anatizinga: oyendetsa malole odikira mapepala, osintha ndalama, amayi ogulitsa mbatata. Ndinkangoona mapazi awo ndi kumva nzeru zawo.

“Ili kumbuyo, kumanzere, pafupi na sipuling'i,” anatero wina wa nsapato zazikulu. “Nayendetsa izi zaka zambiri.”

Ndinapala kumanzere kumbuyo, kutalika kwa mkono wonse. Phula losakanikirana ndi miyala ya ku Nyimba linkagwera m'maso ndi m'kamwa. Panalibe kanthu.

“Iyai, uyo anama. Ili pakati, pansi pa chitseko.”

Ndinapala pansi pa chitseko. Palafini anatha, Velonika nakagula wina. Msana unayamba kundikumbutsa zaka zanga. Ndinamva mwini nsapato zazikulu uja akuuza anzake kuti mwina galimoto za ku misoni zimadindidwa mwina, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisatulutse mawu osayenera munthu amene wakhala akutsogolera mapemphero a m'mudzi.

Velonika anagwada, nasuzumira. Kwa nthawi yoyamba mawu ake anali opanda nthabwala.

“Ba mulamu, dzuwa ipita. Mailo mamawa ba Damiano azasakaniza simenti. Muwadziwa.”

Ndinkawadziwa. Ndinasunthira kutsogolo, kuseri kwa tayala lakumanja, kumene palibe anatchulako. Nditapukuta kachitatu, chala changa chinamva timizere. Ndinafuula ngati ndatola ndalama. Mayi uja anabwera ndi tochi, nayala nyuzipepala, nagwada pambali panga, ine ndikutikita ndi kansanza. Zilembo zoyamba zinaoneka, zofanana ndi za m'buku. Manambala awiri otsiriza anaonekanso. Pakati ponse panali posalala, ponyezimira ngati supuni yatsopano. Makina a ba Chanda, pochotsa dzimbiri, anadya ndi nambala yomwe.

Mayiyo anazima tochi.

“Atate, ine nikukhulupirirani. Koma onani mweka. Nambala yopalidwa na makina, pamwamba pake tala. Kawalala akafuna kubisa motoka achita chimodzimodzi. Nikailola ipite, ntchito yanga yatha.”

Ndinachonderera. Ndinatchula zaka zanga za uphunzitsi, ndinatchula Bulazala, ndinamuonetsa kalata ya a Damiano, imene inadetsedwa pomwepo ndi zala zanga. Anaiwerenga yonse mpaka pansi, nandibwezera ndi manja awiri. Anati galimoto itsala m'bwalo lawo kufikira apolisi a ku Chipata adzaione sabata yamawa, ndipo palibe adzaikhudze. Mwala wokha unali ndi mapepala ake abwino, unali womasuka kuwoloka.

“Uwoloke bwanji, mayi? Uli ndi miyendo?”

Mawuwo ndinawalankhula mokalipa, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi, chifukwa mayiyo sanalakwe kanthu. Ndinakhala pa bampala, mutu utaima. Ndinatukwana ba Chanda chamumtima, kenaka ndinakumbukira kuti iwo sanandikakamize, ndinayenda ndekha kukawapeza.

Velonika anali atasowa. Anabwera patapita kanthawi akukoka pa mkono bambo wina wamfupi, mwini lole ya ku Malawi imene inaima kutsidya kwa mpiringidzo, yodzaza theka ndi matumba a madeya. Anali atamuuza kale mbiri yonse, atapezanso kuti agogo ake a bamboyo anachokera mudzi woyandikana ndi kwawo, ndipo ankamutcha achimwene ngati anakulira nyumba imodzi.

“Tinyamula, bambo,” anatero mwini loleyo. “Koma lero tigona pa boma, kumudziko ndikakutulani mawa. Fulumirani, ndisanasinthe maganizo.”

Amuna asanu anadzipereka, mwini nsapato zazikulu ali m'gulu lomwelo. Tinaunyamula monga unagonera, chafufumimba. Kumutu kwake, kumene kuli dzina, sindinalole mlendo agwireko: ndinapisa manja anga kunsi ndi kugwira ndekha. Tinayenda pang'onopang'ono, tikupuma kawiri, mpaka tinaugoneka pa matumba a madeya. Vaneti ndinaisiya pomwepo, kunsi kwake kuli zigambazigamba, bulangete lili pansi pake.

Loweruka m'mawa mwini lole anati ayambe watula madeya kwa mwini wake, ndipo mwini madeyayo anali atapita kukaona fodya wake ku nazale. Tinadikira. Ndinayesa kusamba ndi sopo wochapira, koma phula linangosuntha malo. Velonika anandipatsa malaya a m'mtolo wake, a maluwa obiriwira, manja ake ofika m'zigongono.

“Valani. Mwini wake anali muzungu wamfupi, koma anali waukhondo kupambana imwe.”

Tinafika kumudzi kwaya itayamba kale kuyimba panjira ya kumanda. Pansi pa mtengo panali thabwa lokhomedwa ngati mtanda, loti athiremo simenti, ndipo mmisiri anali atasakaniza kale mulu wake. A Damiano anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anayang'ana lole, nayang'ana malaya anga.

“Mwafika, alamu.”

“Ndafika, alamu. Pepani ndachedwa.”

“Nanga galimoto ija ana amatiuza?”

“Yatsala pa chipata.”

“Oo.”

Sanafunsenso, koma Velonika sanadikire kufunsidwa. Asanamalize n'kupereka moni komwe, anali atafotokozera mudzi wonse za utsi, za ketulo ndi za nambala yofufutika, akuonetsa ndi manja momwe ndinkakwawira. Mwana wanga Lusiya anayala nsalu yoyera pansi, ndipo adzukulu, amene ndiwo amagwira ntchito za kumanda, anagonekapo mwala chafufumimba, naukulunga, pakuti suyenera kuonedwa usanafike mwambo. Simenti imene inasakanizidwira mtanda ndiyo inaimika mwalawo.

Atatha mapemphero, bambo mfumu anakodola a Damiano kuti avundukule. Nsalu inatsika bwino, koma pamwamba inakakamira, mpaka anachita kuikoka. Kwaya imene inali itatsegula pakamwa inatseka.

Mbali zonse ziwiri za dzina la Magadalena panali zala zanga, zinayi uku zinayi uko, zakuda bii pa mwala woyera, ndipo madeya anali atamatirira pamenepo.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinatulutsa m'thumba kansanza ka palafini kaja, ndi kugwada pa simenti yaiwisi, ndi kuyamba kupukuta. Phula linasungunuka, koma m'malo mochoka linafalikira, nililowa m'timaenje ta telazo, kuderako kukusendera ku chilembo choyamba. Ndinatikita mwamphamvu, thukuta likugwera pa mwala. Ndinkamva Lusiya akusisima.

Dzanja linandigwira pa phewa. A Damiano anawerama, nandilanda kansanza.

“Basi, alamu, lekani,” anatero mokweza kuti onse amve. “Mwafufuta kale nambala ya galimoto. Mukapitiriza mutifufutiranso dzina la mlongo wathu, ndiye akakanizidwa kulowa pa chipata cha kumwamba.”

Woyamba kuphulika ndi chiseko anali Velonika, misozi ili m'masaya. Adzukulu anatsatira, kenaka kwaya, ndipo bambo mfumu anabisa nkhope m'buku la mapemphero, mapewa akugwedezeka. A Damiano anaponya kansanzako patchire, nandigwira dzanja lakuda lomwelo, nandidzutsa, nandiimika pambali pawo kumutu kwa manda, kumene kumaima eni ake a maliro. Bambo mfumu anapukuta maso, naviika chowazira m'madzi odalitsa.